Mwana amatsata mphika, ndalama imatsata pepala

Mu Okutobala 2023, patapita masiku atatu chiikireni msuweni wanga m'manda, akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakhala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba ya azakhali anga, kutsidya la Shire kumene tinazolowera kungoti ku East Bank, kuti akambirane za ana atatu amene malemuyo anasiya. Bambo wa anawo anali atalowera ku Mozambique zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo nambala yake ya foni inali itasiya kupezeka. Abale ake, amene ndi Asena, ananena mosapita m'mbali kuti chuma cha malowolo sichinathe kuperekedwa, kotero iwo analibe pakamwa pa anawo. Ife akuchikazi, Amang'anja, tinatembenukira kwa mwini mbumba, koma mkuluyo anangozyolika, pakuti nyumba yake inagwa ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi chaka chomwecho, ndipo iye mwini anali akugonabe m'chisakasa cha mapesi ndi pulasitiki.

Nkhani inazungulirazungulira mpaka mthunzi unasuntha, anthu n'kukoka mikeka kuutsatira. Pomaliza azakhali, amene anakhala chete nthawi yonseyo popeza womwalirayo anali mwana wawo wobereka okha, anayankhula motsitsa mawu kuti: "Inu abambo, musavutike mitima. Anawa agona pamene anagona dzulo. Mphika ndi womwewu, ndizingowonjezera madzi." Nyakwawa inavomereza, anthu anawomba m'manja, ndipo palibe amene analemba kanthu. Kuyambira madzulo amenewo mayi wa zaka zopitirira 65, wa mawondo otupa ndi kadimba kamodzi m'mphepete mwa dambo, anakhala kholo la mtsikana wa zaka 13, mnyamata wa zaka 9 ndi kamwana ka zaka 4.

Umu ndi mmene ana ambiri amapezera wowalera m'dziko muno. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa asanu aliwonse sakhala ndi mayi kapena bambo womubereka, ndipo ana 12 mwa 100 aliwonse anali ataferedwa kholo limodzi kapena onse awiri. Ochuluka mwa ana amenewa ali kwa agogo, kwa amalume, kwa amayi aang'ono, ndipo anafikako monga anafikira adzukulu a azakhali, pansi pa mtengo, popanda majisitireti. Ine ndine mphunzitsi wopuma, ndipo ndimathandiza m'komiti yoteteza ana ya m'dera lathu, choncho abale anandisenzetsa ntchito yofufuza ngati boma lili ndi kanthu kamene limapereka kwa munthu wolera ana osawabereka. Ulendo umenewo ndi umene unandichititsa kuwerenga malamulo a kuno ndi a mayiko ena, ndipo paliponse ndinapeza chinthu chimodzimodzi, chakuti mwana amapita kumene kuli mphika pamene ndalama imapita kumene kuli pepala.

Thandizo limene anthu a kumudzi amalidziwa ndi Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene inayamba ngati yoyeserera ku Mchinji mu 2006 ndipo lero ili m'maboma onse 28. Mbali yaikulu ya ndalama zake imachokera kwa abwenzi akunja, monga Germany, Ireland, European Union ndi World Bank. Monga yakhala ikuyendera kwa zaka zambiri, imatenga mabanja pafupifupi 10 mwa 100 aliwonse, amene ndi ovutikitsitsa komanso osowa manja ogwira ntchito. Kusowa manjako kuli ndi muyezo wake: pakhomo pakhale palibe munthu wa zaka 19 mpaka 64 wamphamvu zake, kapena munthu mmodzi wotero akhale akusenza anthu opitirira atatu. Ndalama imakula malinga ndi kuchuluka kwa anthu pakhomo, ndipo pamakhala kowonjezera pa mwana aliyense amene ali pa sukulu. Ndi ndondomeko yabwino, ndipo ndaona ndi maso anga agogo akugula mbuzi ndi yunifolomu ndi ndalama imeneyi.

Koma taonani mmene muyezowo unagwera pakhomo pa azakhali. Pamene kalembera ankachitika m'mudzimo, iwo ankakhala ndi mwana wawo wotsiriza yekha, mnyamata wamphamvu amene amadula nzimbe ku Nchalo nyengo ikafika. Anthu awiri, mmodzi wogwira ntchito: olemba sanalakwitse powasiya. Maliro atachitika, pakhomo pomwepo panakhala anthu anayi odalira dzanja limodzi, ndipo tsopano muyezo unakwana, koma kaundula anali atatsekedwa ndipo malo a mudziwo anali atadzaza. Amene alimo ndi osauka enieni, sindingaloze mmodzi woti achotsedwe. Chimene ndinamvetsa n'chakuti Mtukula Pakhomo imafunsa za umphawi wa khomo pa tsiku la kalembera, ndipo funso lakuti kodi khomoli lalandira ana a mwini silikhala pakati pa nkhani. Pasanathe mwezi chilandilireni anawo, mu Novembala 2023, kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa sopo, mchere ndi makope unakwera pa msika wa pafupi pasanathe sabata.

Ndinawoloka Shire pa bwato n'kukwera minibasi kupita ku ofesi ina ya pa boma. Mayi amene anandilandira anali waulemu ndi wodziwa ntchito yake, ndipo anandifotokozera kusiyana kwa zinthu zimene ife kumudzi timazitchula ndi mawu amodzi akuti kulera. Pali kulera kwa kanthawi, kumene mwana amaikidwa m'manja mwa munthu wovomerezedwa ndi a zachisamaliro cha anthu koma ubale wake ndi makolo omubereka suduka. Izi zili m'lamulo la 2010 la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana. Ndiye pali kutenga mwana kukhala wako mpaka kalekale, kumene kumadzera ku khoti pansi pa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda, Adoption of Children Act. Lamulo limenelo limafuna kuti wotenga mwana akhale wa zaka zosachepera 25, akhale wamkulu kwa mwanayo ndi zaka 21 pokhapokha khoti litaona chifukwa monga ubale, ndipo limaletsa kupatsana ndalama pa nkhaniyi popanda chilolezo cha khoti. Ambiri tinamva za lamuloli koyamba mu 2009, pamene khoti lalikulu linakaniza woimba Madonna kutenga mwana wachiwiri chifukwa chosakhala m'dziko muno, kenaka khoti la apilo n'kumuloleza mu Juni chaka chomwecho. Nditafunsa kuti azakhali ali m'gulu liti, mayiyo anamwetulira n'kunena kuti iwo ndi agogo chabe, akuchita zimene agogo amachita. Nditafunsa za makalata a anawo, ndinakumbukira ndekha kuti mabuku awo a kusikelo anapita ndi madzi, ndipo palibe mmodzi mwa atatuwo amene anali ndi chiphaso cha kubadwa.

Ndinkaganiza kuti vutoli ndi la umphawi wa dziko lathu basi, mpaka nditawerenga za ku America, kumene anthu kwathu amayesa ndalama zimangotoledwa pansi. Kumeneko ndalama zambiri zolerera ana zimadzera m'gawo la lamulo lotchedwa Title IV-E, limene linakhazikitsidwa mu 1980. Boma la chigawo ndi limene limalipira wolera mwezi ndi mwezi, ndipo boma lalikulu la ku Washington limabweza gawo la ndalamazo, losachepera theka, ndipo zigawo zosaukirapo zimabwezeredwa zambiri. Koma kubwezako kuli ndi zipata zake. Chigamulo choyambirira cha khoti chochotsa mwana pakhomo chiyenera kunena kuti kukhalabe pamenepo kukanamupweteka, ndipo mawu amenewo akasowa, boma lalikulu silipereka kanthu pa mwanayo nthawi yonse imene akhale m'manja mwa olera. Pasanathe masiku 60 woweruza ayenera kupezanso kuti panachitika khama lokwanira loti mwanayo asachotsedwe. Nyumba imene akupitayo iyenera kukhala ndi laisensi. Tanthauzo lake n'lakuti agogo a ku America amene atola mdzukulu wawo usiku wa tsoka, popanda khoti ndi laisensi, ali kunja kwa mpanda womwewo umene azakhali ali.

Pali chipata china chimene chinandiseketsa ndekha pakhonde, ngakhale si nkhani yoseketsa. Kuti mwana awerengedwe m'ndalama zolerera za Title IV-E, banja limene wachokera liyenera kukhala losauka malinga ndi muyezo wa ndondomeko yakale yothandiza mabanja osauka monga unalili pa 16 Julayi 1996. Ndondomekoyo inathetsedwa chaka chomwecho, koma muyezo wake unasiyidwa uli chiimire, osakwezedwa potsata kukwera kwa mitengo. Aliyense amene anagulako thumba la chimanga mu 1996 n'kugulanso chaka chino akudziwa chimene chimachitika ukamayeza umphawi wa lero ndi ndalama ya makedzana: mabanja amene ndi osauka ndithu amaoneka ngati opeza bwino, ndipo chiwerengero cha ana oyenera thandizo la boma lalikulu chimanka chichepa. Ndi kaundula wotsekedwa yemwe uja, wangovala suti.

Chilungamo chake, a ku America akhala akukonza zolakwikazi pang'onopang'ono, ndipo njira imene akonzera ndi imene inandipatsa maganizo. Anaona kuti ana okulirapo, ana olumala ndi ana apachibale ofunika kukhala pamodzi sapeza owatenga, chifukwa wolera akangotenga mwana kukhala wake ndalama ya mwezi ikanatha. Ndiye lamulo la 1980 lomwelo linaika thandizo la mwezi ndi mwezi kwa otenga ana oterewa, losapitirira ndalama yolerera, pamodzi ndi chithandizo cha kuchipatala. Mu 2008 anayamba kumasula thandizo la otenga anali ku muyezo wa 1996 uja, analola zigawo kuthandiza mwana mpaka zaka 21, ndiponso anatsegula khomo loti wachibale amene wakhala ndi mwana miyezi 6 yotsatizana ali ndi laisensi azilandira ndalama ngati womuyang'anira mwalamulo. Mu 2018 lamulo la Family First linalola kwa nthawi yoyamba kuti ndalama za Title IV-E zigwire ntchito mwana asanachotsedwe pakhomo, monga pothandiza kholo lodwala maganizo kapena lomwerekera ndi mankhwala osokoneza bongo, kwa miyezi 12, ndipo linachepetsa kufika masabata awiri nthawi imene boma lalikulu limalipirira mwana wosungidwa m'nyumba ya ana ambiri, kupatula nyumba zochepa za chithandizo chapadera. Mu 2023 analolanso kuti achibale aziyesedwa ndi muyezo wa laisensi wosiyana ndi wa alendo. Zaka zopitirira 40 zapita kuti dziko lolemera chotero lifike pafupi ndi pamene azakhali anayambira.

Chitsanzo chimene chili pafupi ndi ife ndi cha ku South Africa, ndipo aliyense amene ali ndi m'bale ku Johannesburg anamvako za magiranti. Kumeneko kuli ndalama ya mwana wa banja losauka, imene inayamba mu 1998 ndipo imaperekedwa kwa amene akusamala mwanayo popanda kudzera ku khoti, komanso kuli ndalama ya mwana woleredwa, imene ndi yokulirapo koma imafuna chigamulo cha khoti chimene nthawi zambiri chimayenera kuwonjezeredwa pakatha zaka ziwiri. Edzi itasiya ana amasiye ochuluka, agogo anathamangira ndalama yokulirapoyo, monga aliyense wanzeru akanachitira, ndipo ana olandira anapitirira 500,000. Alangizi a zachisamaliro cha anthu ndi makhoti analephera kusenza mtolowo, zigamulo zinayamba kutha mphamvu zisanawonjezeredwe, ndalama n'kumaduka, mpaka mu 2011 khoti lalikulu ku Pretoria linalowererapo kuti ana asataye thandizo chifukwa cha mapepala. Choipitsitsa chinali chakuti alangizi amene anayenera kuthamangira mwana womenyedwa kapena wogwiriridwa ankathera nthawi polemba mafomu a agogo amene analibe mlandu wina koma umphawi. Mu Juni 2022 boma linabweretsa kowonjezera pa ndalama yaing'ono ija kwa wachibale wolera mwana wamasiye, popanda khoti, pongoonetsa umboni wa imfa ya makolo. Chaka chimenecho ndalama ya mwana inali R480, kowonjezera kanali R240, pamene ya woleredwa inali R1,070.

Sindikufuna kunamizira kuti pepala ndi mdani, chifukwa zimene ndaona m'komiti sizindilola. Ndaona mnyamata wamasiye amene wachibale anamutenga ndi misozi pamaliro, n'kukamusandutsa m'busa wa ng'ombe cha ku Ngabu, sukulu n'kuthera pomwepo. Ndaona mtsikana wotengedwa kupita ku Blantyre ati akaphunzire, n'kukakhala wantchito wa m'nyumba wosalipidwa. Ndaonanso amene amakumbatira ana chifukwa maso ali pa malata, njinga ndi dimba zimene malemu anasiya. Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe timaunena ndi mtima wabwino, koma mbali yake yachiwiri, yakuti ukachenjera manja udya naye, ena amaimva molakwika dala. Tsiku limene boma lidzaike ndalama pamutu pa mwana wamasiye, anthu oterewa adzachuluka pamaliro, ndipo abale amene ananena kuti alibe pakamwa pa ana mwina adzakumbukira kuti malowolo anatsala pang'ono kutha. Walira mvula walira matope. Amene analemba malamulo a laisensi ndi makhoti anali kuthawa zinthu zenizeni.

Komabe pa nkhani ziwiri zoyambazo palibe chimene chidindo cha majisitireti chikanaletsa. Chimene chinabweza mnyamata wa ng'ombe uja ku sukulu chinali mlangizi woteteza ana amene anapalasa njinga m'dzuwa la masana kukamuona kubusa, atauzidwa ndi aphunzitsi kuti dzina lake lasowa m'kaundula wa kalasi. Kwa ine apa ndi pamene pali yankho. M'mudzi uliwonse wa m'chigwa chino muli anthu atatu kapena anayi amene amadziwa kumene mwana aliyense amagona: nyakwawa, mlangizi wa zaumoyo amene amayeza ana kusikelo, mphunzitsi wamkulu, ndi amayi ophikira ana phala ku sukulu ya mkombaphala. Umboni wa anthu amenewa pamodzi ungakwane kutsegulira wolera kathandizo kochepa, kolembedwa m'dzina la mwana kotero kuti mwanayo akasamuka nako kasamuke, ndipo kamene kangalowe nthawi iliyonse ya chaka osadikira kalembera. Khoti lisungidwire ana amene ali pa ngozi ndi amene akutengedwa ndi alendo. Ndalama yogulira mlangizi mafuta a njinga yamoto iwerengedwe ngati mbali ya thandizolo, chifukwa kupereka ndalama popanda woyendera ndiko kuitana mavuto aja.

Ndikudziwa kuti thumba la boma ndi lobooka, ndipo wina adzati tisalote za South Africa tili ndi zipatala zopanda mankhwala. Koma ndalama za ana amasiye zikulowa kale m'dziko muno, kudzera kwa anthu akufuna kwabwino ndi mipingo, ndipo zambiri zimathera ku nyumba zosungirako ana, chifukwa nyumba ya njerwa ndi mabedi ondanda zimajambulika bwino kuposa agogo akupeta mapira. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri wasonyeza kuti ana ochuluka a m'nyumba zotere ali ndi kholo kapena wachibale wamoyo, ndipo chimene chinawapititsako ndi umphawi ndi kufuna sukulu. Malangizo a United Nations a 2009 amanena kuti umphawi pawokha usakhale chifukwa chochotsera mwana kwa abale ake, ndiponso kuti ana aang'ono, makamaka osafika zaka zitatu, aleredwe m'banja. Ku chigwa kuno funsoli limabwera kawirikawiri kuposa kwina, pakuti madzi a Januwale 2015, a Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy anabalalitsa mabanja ku Makhanga, ku Bangula ndi m'midzi ya m'mbali mwa Ruo, ndipo chigumula chilichonse chimasiya ana ena pakhomo lachilendo.

Azakhali nawo anayesedwa. Njala itafika pachimake mu Febuluwale, pamene chakudya chinali nyika zokumba m'dambo, munthu wina wa kutchalitchi anabwera ndi uthenga wakuti ku nyumba ina yosungira ana kuli malo a kamwana kaja, kumene kazidya katatu pa tsiku. Sanabwere ndi mtima woipa, ndipo ine ndemwe ndinakhala kakasi, chifukwa miyendo ya mwanayo inali itayamba kuonda. Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti: "Inu aphunzitsi, mumadziwa zowerengera. Ndalama imene adyetsere mwanayu kumeneko mwezi umodzi, atandipatsa ine theka lake, sindingadyetse atatu onsewa?" Mlendoyo anayankha mwaulemu kuti ndalamazo zinaperekedwa kuti zigwire ntchito ku nyumbayo, ndipo malamulo a opereka salola kuzipatutsa. Mwana sanapite. Tinasonkherana apachibale, mnyamata wa ku Nchalo anatumiza kangachepe, ndipo chimanga cha boma chothandiza pa njala chitafika anapeza nawo thumba.

Chimene ndinakwanitsa pa maulendo anga onse ndi chaching'ono. Ndinapempha nyakwawa kuti ilembe kalata yonena kuti ana atatuwa, mayina awo ndi zaka zawo, akuleredwa ndi agogo awo kuyambira tsiku lakuti, a gulupu anadindapo, ndipo aphunzitsi aakulu a pa sukulu ya awiriwo anasainira. Ndi kalata imeneyo tayamba kutsata ziphaso zawo za kubadwa, ndipo kope lake ndinakasiya ku ofesi ija kuti kalembera akadzatsegulidwa khomoli lisadzaphonyenso. Tsiku limene ndinakapereka kalatayo ndinapeza azakhali akukazinga tinsomba ta makakana pamoto wa ziputu, mtsikana wamkulu akusinja. Ndinawawerengera mokweza kuyambira pamwamba mpaka pa chidindo. Anaigwira m'mbali ndi nsonga za zala kuti isade ndi mafuta, anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kufunsa kuti: "Ndiye pepalali liyamba liti kugula ufa?" Ndinayankha kuti pakadali pano ayi. Anaipinda kanayi, anaiika m'jumbo momwe muli chitupa chawo cha unzika ndi buku latsopano la kusikelo, anamanga pakamwa pake ndi kachingwe ka chitenje, ndipo anatuma mdzukulu wawo wamwamuna uja kuti akwere pa mtondo akaikoloweke pa mtanda wa denga, pamwamba pa mzere umene madzi a Freddy anasiya pakhoma.